Kulemba Mbiri ya Agogo Amene Anali Msilikali wa Keyala

Mayi wina wandilembera imelo kundiuza kuti banja lawo likumanga chiliza cha agogo awo aamuna, ndipo abale awasankha iwo kuti adzawerenge mbiri ya malemu pa tsikulo. Chimene akudziwa n'chakuti agogowo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma, dziko limene lero ndi Myanmar, atabwerako anagwira ntchito ya umesenjala kwa DC mpaka kupuma, ndipo analera ana ambiri, awo ndi a abale awo. Funso lawo n'lakuti: ayambire pati, popeza amene ankadziwa zambiri anapita?

Mayi, yambirani m'sutikesi ndi m'mabokosi akale, musanafunse munthu aliyense. Msilikali wa King's African Rifles, gulu limene makolo athu ankalitchula kuti Keyala, ankapatsidwa chikalata potuluka usilikali, ndipo m'menemo mumapezeka nambala yake, gulu lake ndi zaka zimene anagwira ntchito. Ngati pali mendulo yooneka ngati nyenyezi yolembedwa kuti Burma Star, ndiye kuti nkhani ya ku Burma ndi yoona. Mapepala akasowa, pitani ku National Archives ku Zomba, kapena kafunseni ku bungwe la asilikali opuma la VELOM. Ndikupemphani chinthu chimodzi: musawakweze udindo. Ndamvapo pamaliro msilikali wamba akutchulidwa kuti kaputeni, anzake amene anali nawo kunkhondo atakhala pomwepo, akuyang'ana pansi mwamanyazi.

Mawu akuti "anapita ku Burma" ndi afupi, koma ulendo wake unali wautali, ndipo zidzukulu zambiri sizidziwa zimenezi. Anyamata a ku Nyasaland ambiri ankayambira ku Zomba, kumene kuli Cobbe Barracks, n'kupita ku East Africa, kenako kuwoloka nyanja pa sitima mpaka ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, kukaphunzira kumenya nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 gulu lalikulu la 11th East African Division, mmene munalinso asilikali a Keyala, linalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya mvula yamphamvu, likuthamangitsa asilikali a Japan kulowera ku mtsinje wa Chindwin. Misewu inasanduka matope, chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege, ndipo malungo ndi matenda ena anagwetsa anthu ambiri. Ngati agogo anu sankakonda kukamba za kumeneko, kapena ankadzidzimuka kutulo, zinenenso zimenezo, chifukwa nazonso ndi mbali ya nkhondoyo.

Za umesenjala musachite nazo manyazi ngati kuti ndi ntchito yonyozeka. Boma la atsamunda linkakonda kulemba asilikali obwera kunkhondo pa ntchitoyi chifukwa ankadziwa mwambo ndi kusunga nthawi. Mesenjala ankavala khaki, ankanyamula makalata a DC kupita kwa mafumu, nthawi zambiri wapansi kapena pa njinga, ndipo ankathandiza pa zamsonkho, n'chifukwa chake m'midzi ina anthu ankathawira kutchire akamuona. Chilungamo chimafuna kuti mbiri isabise zimenezi. Koma onaninso kuti munthu amene anayamba ntchito nkhondo itatha mu 1945 n'kugwirabe mpaka 1964 anatumikira maboma awiri, la atsamunda ndi la Malawi wodzilamulira kuyambira pa 6 Julaye 1964, ndipo ngati anafika mu 1971 akugwirabe ntchito, malipiro ake anasintha kuchoka pa mapaundi kukhala makwacha iye ali pomwepo.

Tsopano gawo limene ine ndikuliona kuti ndi lalikulu, limenenso palibe ofesi ingakuthandizeni. Mbiri zambiri zimene timamva pamanda zimangoti malemu anali okonda banja lawo ndi oopa Mulungu, mawu amene angayenere bambo aliyense m'mudzimo. Inu pitani kwa azakhali ndi amalume amene atsala, mukhale nawo pamkeka, foni ikujambula mawu, ndipo muwafunse zinthu zing'onozing'ono. Ndi ana angati a achemwali awo amene anawalipirira fizi ndi malipiro a umesenjala? Ankatani mwezi ukatha, ankabwera ndi chiyani kunyumba? Kodi nsapato ankazipolisha okha ngakhale atakalamba? Ankawaitana bwanji agogo aakazi? Mudzamvanso za ukali wawo, pakuti asilikali ambiri ankalamulira nyumba ngati perete, ndipo nkhani imodzi yotero, yokambidwa mwaulemu, idzaseketsa anthu amene ankawadziwa.

Powerenga musapitirire mphindi khumi, chifukwa anthu adzakhala ali padzuwa ndipo abusa ndi amfumu nawonso ali ndi mawu awo. Zotsalazo zilembeni m'kope, mujambule chikalata ndi mendulo zija, mugawire nyumba iliyonse ya ana awo. Pachiliza penipeni, pansi pa dzina, lembani nambala yawo ya usilikali ngati mwaipeza.