Tinamanga limodzi nyumba koma sitinakwatirane: kodi ndichoke chimanjamanja?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene apempha kuti ndisawatchule dzina. Akuti anakhala ndi mwamuna m'nyumba imodzi kwa zaka 7 popanda kumanga ukwati mwa njira iliyonse, anabereka naye mwana mmodzi, ndipo pa zakazo anamanga nyumba pamalo amene mapepala ake ali m'dzina la mwamunayo. Malata, mawindo ndi simenti yambiri anagula ndi mayiwo ndi ndalama za malipiro awo. Tsopano chikondi chatha, ndipo bambowo akuti mayiwo angotenga zovala ndi ziwiya zawo n'kumapita.

Mayi, musanayambe kulimbirana nyumbayo, fufuzani kaye mmene malamulo a dziko limene mukukhala amaonera anthu awiri okhalira limodzi, chifukwa pa nkhani imeneyi maiko amasiyana kwambiri. Ku Malawi, lamulo la maukwati la mu 2015 limalola khoti kuzindikira kuti anthu amene akhalira limodzi kwa zaka zosachepera 5 ndi okwatirana, litaona mmene ankakhalira, mmene ankathandizirana pa ndalama, ana amene akulera, ndiponso mmene anthu owazungulira ankawadziwira. Ku New Zealand, akakhala limodzi zaka 3, katundu amene anapeza ali limodzi amagawana mofanana ndi okwatirana. Ku England sikuli choncho ngakhale pang'ono, ngakhale kuti anthu ambiri kumeneko amakhulupirira kuti kukhalitsa limodzi kumasanduka ukwati. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa mlandu wa Burns ndi Burns, mayi amene anakhala ndi mwamuna zaka 19, kumuberekera ana awiri mpaka kutenga dzina lake, anatuluka m'khoti wopanda gawo lililonse pa nyumba, chifukwa chakuti sanathirepo ndalama poigula. Kwa ine chigamulo chimenecho chinali chankhanza, koma khoti limatsatira lamulo limene lilipo.

Nkhani yanu ikusiyana ndi ya mayi ameneyo pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti ndalama zanu zinalowa m'nyumbamo. Kumene kulibe ukwati, dzina lolembedwa pa mapepala a malo ndi limene khoti limayambirapo, ndipo udindo wotsimikizira kuti nanunso muli ndi gawo umagwera inuyo. Woweruza sadzafunsa kuti ndani analakwira mnzake kapena ndani ankakonda kwambiri. Adzafuna kudziwa zimene munagwirizana pamene munkayamba kumanga, ndiponso zimene aliyense anaikapo podalira mgwirizanowo. Ku South Africa mu 2012, pa mlandu wa Butters ndi Mncora, khoti la apilo linavomereza kuti anthu awiri osakwatirana akhoza kukhala pa mgwirizano wopezera limodzi chuma ngakhale sanaulembe, ndipo mayi amene ankasamalira nyumba ndi ana kwa zaka pafupifupi 20 anapatsidwa magawo 30 pa 100 alionse a chuma cha mwamunayo.

Choncho ntchito yanu sabata ino ndi yosonkhanitsa umboni. Risiti yofufutika ya malata imene munaipinda n'kuiponya m'chikwama, sitetimenti ya kubanki yosonyeza tsiku limene munatapa ndalama za mawindo, uthenga wa pa WhatsApp umene bambowo analemba kuti "nyumba yathu yafika pa lintala", zonsezi zili ndi mphamvu kuposa misozi. Mmisiri amene munkamulipira pamanja akhoza kukhala mboni. Zijambuleni zonse ndi foni ndipo muzisungitse kwa munthu amene mumamukhulupirira, pakuti mapepala otere amasowa modabwitsa anthu akayamba kukangana.

Za katundu wam'nyumba n'zosavuta kwenikweni. Chimene munabwera nacho n'chanu, chimene munagula nokha n'chanu, ndipo mphatso imene munapatsidwa siibwezedwa chifukwa choti chikondi chatha. Firiji kapena mipando imene munasonkherana ndi imene mumagawana, kapena mmodzi amaitenga n'kubwezera mnzake mbali yake. Koma musabweretse galimoto usiku n'kulongedza zonse bambowo atachokapo, ngakhale mtima utakuwawani chotani, chifukwa zimenezo zimasandutsa mkangano wa katundu kukhala nkhani ya kupolisi. Chithandizo cha mwana ndi nkhani ina payokha: bambo ake ali ndi udindo womusamalira kaya munakwatirana kaya ayi, ndipo musalole kuti wina akuuzeni kuti musiye nyumba posinthanitsa ndi chithandizocho.

Yesani kukambirana pamaso pa mkhalapakati, ndipo chimene mungagwirizane chilembedwe ndi kusainidwa ndi nonse awiri. Musasaine pepala lililonse lonena kuti mulibe gawo musanaonane ndi loya kapena ofesi yopereka thandizo la zamalamulo kwaulere, ndipo pitani msanga, chifukwa maiko ena amaika malire a nthawi. Ku Scotland, mwachitsanzo, lamulo la mu 2006 limapereka chaka chimodzi chokha kuchokera tsiku limene munasiya kukhalira limodzi kuti mukadandaule kukhoti.