Amayi asanu okha: kodi ndibwerere kwathu?

Mbale wina wanditumizira imelo yodandaula kuti akuluakulu a mpingo anamutuma kukatsegula nthambi kudera lachilendo, koma patha miyezi isanu ndi umodzi ndipo amene amabwera ndi amayi asanu okha. Akufunsa ngati kuli bwino angobwerera kwawo.

Funso lanuli, mbale wanga, landikumbutsa zomwe zimandipwetekabe mumtima. Inenso ndinkapalasa njinga Lamulungu lililonse kupita kumudzi wina, ndipo ndikafika ndinkapeza amayi atatu atasesa kale pansi pa mtengo wa mango, wina atayala mphasa, wina atabweretsa chigubu cha madzi akumwa. Ine maso ankangokhala kunjira, kudikira abambo, ngati kuti amayiwo sanali okwanira kuyamba nawo pemphero. Chaka chisanathe ndinaleka kupitako, koma ndinadzamva kuti iwo sanaleke kusonkhana.

Patapita nthawi ndinawerenganso mofatsa Machitidwe a Atumwi 16. Cha m'ma 50 A.D., Paulo ali ku Trowa anaona m'masomphenya mwamuna wa ku Makedoniya akumupempha kuti awolokere kumeneko adzawathandize. Koma atafika ku Filipi pamodzi ndi Sila ndi anzawo, amene anawapeza pa Sabata m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa chipata cha mzinda, anali amayi. Paulo sanadikire mwamuna wa m'masomphenya uja; anakhala pansi n'kuyamba kulankhula nawo. Lidiya wa ku Tiyatira, wogulitsa nsalu zofiirira, anabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba mwake, ndipo Paulo ndi Sila atakwapulidwa, kutsekeredwa m'ndende n'kutulutsidwa, anapita kunyumba ya mayi yemweyo kukalimbikitsa abale. Mpingo wa ku Filipi umenewu ndi umene unkatumizira Paulo thandizo ali ku Tesalonika, ndipo pambuyo pake unatuma Epafrodito kukamutumikira ali m'ndende.

N'chifukwa chake sindigwirizana n'komwe ndi chizolowezi chofunsa mlaliki kuchuluka kwa anthu ndi chopereka asanafunsidwe mayina a amene akuwaphunzitsa. Kawerengedwe kotere kakanaweruza kuti Paulo walephera pa Sabata loyamba lija, ndipo n'komwe kanandichotsa ine pansi pa mtengo wa mango.

Nanga muchite chiyani?

Musabwerere. Ayendereni amayi asanuwo m'makomo mwawo, mudziwane ndi amuna awo ndi ana awo, ndipo wina akakutsegulirani khonde lake kuti muzipempherera pamenepo, mulandire. Akuluakulu akafuna lipoti, alembereni mayina asanuwo.