Kodi njira yanga yodulira ma thread ingapeze patent? Yankho kwa mmisiri wa ku Ndirande

Ndalandira email kuchokera kwa bambo wina wa lathe (makina ozunguza chitsulo n'kumachisema) ku Ndirande, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Amadula ma thread, timizere tozungulira timene nati imayendamo, a saizi ya M12 pa ndodo zazitali zowonda, zija za mjigo ndi zina zomangira, ndipo amene wagwirapo lathe akulidziwa vuto lake, ndodo ikatalika imathawa tool, imanjenjemera, thread n'kutuluka yokukutika nati n'kumakana. Nde iwowa anapanga kajigi ka ma bearing awiri a njinga yamoto kamene kamayenda limodzi ndi carriage, gawo la lathe lonyamula tool, n'kumagwira ndodo kumbuyo kwa tool, komanso amadula mosinthasintha, ulendo uno mbali yakumanzere ya thread ulendo winawo yakumanja. Akuti ntchito ikutuluka yoyera. Mafunso awo ndi oti kodi zimenezi zingapeze patent (chikalata choletsa ena kukopera chimene watulukira popanda chilolezo chako), kodi ounika mapempho a patent amabwera kudzaona makina akugwira ntchito, nanga kavidiyo kamene mwana wawo anajambula akufuna kuika pa Facebook kali ndi vuto?

Achimwene, ndiyambe ndi kavidiyoko chifukwa ndi komwe kangakuphereni zonse lero lomwe. Kavidiyo kameneko musaike pa Facebook. Pa status ya WhatsApp ayi, pa gulu la amisiri anzanu ayinso. Patent imapatsidwa pa chinthu chatsopano, ndipo chatsopano kwa iwowo ndi chimene sichinaululidwe kwa anthu kulikonse pa dziko lapansi tsiku lopereka pempho lisanafike, olo woululayo akhale inu eni ake. Wounika akakapeza kavidiyo kanu komwe adzakakanizira nako pempho lanu. Makasitomala amene amaima pambali pa lathe kudikira ndodo zawo nawonso ndi anthu, nde jigiyo muziiphimba.

Za kubwera kudzaona makina, iwalani. Palibe amene adzakwere minibasi ya Ndirande kudzamvera mmene lathe yanu ikulirira. Wounika patent ndi munthu wa pa desiki, wophunzira za engineering, ali ndi kompyuta ndi mapepala anu basi. Kuno kwathu za ma patent zimadutsa ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi ma patent, imene ambiri timaidziwa kuti ya Registrar General, osati ku COSOMA monga ambiri amaganizira, uko n'kwa oimba ndi olemba mabuku. Malawi ilinso mu ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa limene likulu lake lili ku Harare, ndipo pansi pa Harare Protocol ya 1982 mumalemba pempho limodzi n'kusankha mayiko amene mukufuna, kaya Malawi, Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe, Kenya. South Africa mulibe, kumeneko n'kolembera padera. Ku ARIPO ko amaunika mwakuya ndithu, ndipo akagwirizana nazo amadziwitsa mayiko munasankhawo, lililonse lili ndi miyezi 6 yoti likane ngati malamulo ake sakulola.

Pempholo limalembedwa m'Chingerezi, muli kufotokoza, zojambula, kenako kumapeto timaziganizo ta manambala totchedwa ma claim. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Claim ili ngati mabikoni a puloti, zimene zili mkati mwa mabikoni ndi zanu, zakunja n'za aliyense, nde mukakhoma bikoni pa puloti ya eni ake wounika amakuzulitsani. Munthu atha kulemba masamba khumi okoma ofotokoza mmene anavutikira koma wounika amathamangira ku claim 1, amaiphwanya zidutswazidutswa, chidutswa chilichonse n'kumachifufuza ngati chinalembedwapo kale.

Ndipo pa nkhani ya ma thread pepani, eni mapuloti ndi ambiri zedi. Henry Maudslay ku London anali atapanga kale lathe yodula ma thread ndi lead screw cha m'ma 1800. Joseph Whitworth anabweretsa muyezo wake wa thread ya ngodya ya madigiri 55 mu 1841, womwe mpaka lero tikukumana nawo pa mapaipi a madzi a BSP, William Sellers ku America anabwera ndi wa madigiri 60 mu 1864, ndipo metric yomwe inu mukudula, M12 ya pitch (mpata wa pakati pa timizere) 1.75, nayonso ndi ya 60. Zaka zoposa mazana awiri anthu akulimbana ndi vuto lomweli ndipo ambiri amalemba zimene apeza. Pa kaundula wa ma patent wa dziko lonse kudula ma thread kuli ndi chigawo chakechake, B23G, mmenemo muli ma tapu, ma dai, kudula pa lathe, kudula ndi milling, zonse. Wounika wanu adzayambira mmenemo, ma patent a ku Germany, Japan, China, America, olo akhale anatha mphamvu kalekale amawerengedwabe, komanso ma catalogue a makampani ngati Sandvik Coromant ndi mabuku ophunzitsira ku technical college.

Tiyeni tiyerekeze kuti claim yanu mwailemba mmene munandilembera ine, njira yodulira thread pa ndodo yaitali pogwiritsa ntchito chogwirizira choyenda ndi carriage komanso kudula mbali ziwiri mosinthana. Wounika atenga chidutswa choyamba, chogwirizira choyenda ndi carriage, anena kuti iyi ndi follower rest, ena amati travelling steady, imabwera ndi lathe yomwe kuchokera kufakitale, ndipo zokhala ndi ma roller m'malo mwa zala za brass ziliko kale. Atenga chachiwiri, kudula mosinthana mbali, atsegula catalogue, apeza njira zolowetsera tool zajambulidwa bwinobwino, kulowa molunjika, kulowa motsata mbali imodzi monga timachitira tikapendeketsa compound, kagawo kapamwamba konyamula tool, pa madigiri 29 ndi theka, ndi kulowa mosinthana kumanzere kumanja kumene amalimbikitsa pa ma thread akuluakulu kuti tool ithe mofanana. Makina ambiri a CNC, aja oyendetsedwa ndi kompyuta, amachita zimenezi okha mu threading cycle. Mpaka apa mwina simunagwe pa funso loyamba la utsopano, chifukwa kuti akukanizeni pamenepo amafunika pepala limodzi lokhala ndi zidutswa zonse pamodzi. Koma funso lachiwiri ndi limene limagwetsa anthu ambiri, amati inventive step. Amadzifunsa kuti kodi mmisiri wamba wodziwa ntchito yake, amene wawerenga zonse zija koma alibe luso lotulukira zinthu, atakumana ndi ndodo yonjenjemera, sakanaganiza yekha zoika follower rest n'kusintha kalowedwe ka tool? Yankho likakhala loti akanaganiza, basi kalata yokana ikubwera. Funso lachitatu loti kodi chinthucho chingagwiritsidwe ntchito m'mafakitale musadandaule nalo, inu mukudyera momwemo kale.

Ine maganizo anga, zidutswa ziwirizo pazokha sizipita patali. Koma mu email yanu munali kachiganizo kamodzi kamene munangokadutsa ngati n'kosafunika, ndipo ndi kokhako kamene kanandiimitsa. Munati bearing imodzi munaivala kamphete kosongoka kolowa mu ngalande ya thread yomwe yangodulidwa kumene, ndipo kasipuling'i kamaikankha kuti izitsikira mkati pamene thread ikuzama ulendo ndi ulendo. Zambiri sindifotokoza pano mwadala, ndipo zomwe ndalembazi ndasinthako. Follower rest wamba imakwera pamwamba pa thread, imaphwanya nsonga kapena kukanda ma burr, n'chifukwa chake ambiri amaida podula thread. Ngati yanuyo ikugwira mkati mwa ngalande n'kumadzisintha yokha, limenelo ndi vuto lenileni lokhala ndi yankho lenileni, ndipo claim yoyenera ndi yopapatiza yozungulira pamenepo, mawonekedwe a mpheteyo, malo ake poyerekeza ndi nsonga ya tool, ndi mmene ikutsatira kuzama. Mwina wina ku Japan anazichita kale, zimenezo muzipeza pofufuza, koma ndiye pokhapo poyenera kufufuzapo.

Kufufuzako n'kwaulere kupatula bundle. Espacenet ya European Patent Office, Patentscope ya WIPO (bungwe la dziko lonse loona za ma patent) ndi Google Patents zonse zimatseguka pa foni, ngakhale zojambula zimaoneka bwino pa kompyuta. Lembani B23G pamodzi ndi mawu ngati steady rest, follower, roller, slender workpiece, muyang'anenso B23Q kumene kumakhala zogwirizira ntchito pa makina. Musavutike ndi Chingerezi chake chokhotakhota, ngakhale azungu eni ake chimawazunguza, inu thamangirani zojambula, diso la mmisiri lizindikira jigi yofanana ndi yanu msanga kuposa la loya. Ngati pali mwana wa mechanical ku MUBAS kapena mphunzitsi wa ku Soche Technical amene mumamukhulupirira mukhale naye pansi, koma ayambe wasaina kapepala kosunga chinsinsi.

China chimene amisiri athu sachita ndi kulemba miyezo. Kalata yokana ikabwera sikuti nkhani yatha, ndi mmene zimayendera, wounika amatchula mapepala amene wapeza ndipo inu mumapatsidwa nthawi yoyankha, kutsutsa kapena kupapatiza ma claim. Koma simuloledwa kuonjezera chatsopano chimene munalibe mu pempho loyamba. Ngati za kasipuling'i simunazilembe tsiku loyamba simungazilowetse pambuyo pake pothawa chikano. Nde lembani zonse, ndipo yesani mwadongosolo: ndodo zofanana, chitsulo chimodzi, liwiro limodzi, zina ndi follower rest wamba zina ndi jigi yanu, muwerenge maulendo a tool, muyeze ndi thread gauge kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa ndodo, muone tool yatha liti. Mawu oti imadula bwino wounika sawamva, koma kusiyana koyezedwa kumene mmisiri wamba sakanakuyembekezera ndi kumene kumathandiza pa funso lachiwiri lija.

Tsopano za ndalama ndi phindu, apa ndikhala wouma pang'ono. Patent ya ARIPO imakhala zaka 20 kuchokera tsiku lolembetsa, koma chaka chilichonse pali fizi yoisunga yamoyo pa dziko lililonse munasankha, mitengo yawo ili m'madola, kuonjezera apo wolemba ma claim naye amalipidwa, ndipo kuunikako kumatenga zaka osati miyezi. Pakatha miyezi 18 pempho limasindikizidwa, aliyense atha kuwerenga njira yanu yonse kaya mudzapatsidwa patent kaya ayi. Ndiye dzifunseni, mnzanu wa ku Limbe kapena ku Chirimba akayamba kudula mwa njira yanu kuseri kwa mpanda wake mudzadziwa bwanji? Ndodo yomalizidwa siinena kuti inadulidwa motani. Boma silikulonderani patent, wopita ku khoti ndinu, ndi ndalama zanu. Ili ndi vuto la ma patent onse a njira yogwirira ntchito, n'chifukwa chake amene amalemba mwanzeru amaika claim ya chipangizo chenichenicho pambali pa ya njira, poti chipangizo chimaoneka, chimagulitsidwa, wokopera amagwidwa nacho m'manja. Kumbukiraninso kuti mafakitale opanga ndodo zambirimbiri sadula n'komwe, amachita thread rolling, kupsinja chitsulo pakati pa ma dai, kumene n'kwachangu ndipo thread imalimba. Nde ogula jigi yanu ndi ma workshop ang'onoang'ono ngati yanu yomwe, osati makampani akuluakulu.

Kunena ine, ngati cholinga ndi kungodula ndodo zabwino kuposa anzanu, sungani chinsinsi, phimbani jigi, mudye ndalama zanu. Ngati mukufuna kupanga ma jigi ambiri n'kumagulitsa kwa a lathe kuno ndi ku Zambia kapena ku Tete, apo kulembetsa kuli ndi mutu, ndipo mufunse za utility model, yomwe ili ngati kapatent kakang'ono. ARIPO imalembetsanso imeneyo, ndi ya zida ndi zipangizo, imakhala zaka 10, imafuna utsopano koma funso la inventive step lija mulibe, agent wolembetsa ma patent akuuzeni mayiko amene ingakagwire ntchito. Mukalembetsa koyamba kulikonse, Paris Convention imakupatsani miyezi 12 yoti mukalembetse kumayiko ena tsiku lanu loyamba likuwerengedwabe, ndipo mkati mwa miyezi imeneyo mutha kuyamba kuonetsa jigi kwa ofuna kugula n'kuona ngati msika ulipo musanathire ndalama zina. Mwana uja muuzeni adikire kaye mpaka mutagwira risiti yokhala ndi nambala ndi deti la pempho, zithunzi zomwe munanditumizira ndafufuta ndipo musatumizenso kwa wina pa email.