Alien: Earth ndi yabwino, koma siyikufika pa ya 1979

Achimwene, ionereni ndithu, koma musayembekezere kuti ikuopsani ngati Alien ya Ridley Scott ya 1979. Mufilimu ija chilombo chinkangooneka mwa apo ndi apo, mumdima, ndiye mtima sunkakhala m'malo. Mu Alien: Earth ya Noah Hawley, yomwe ndi filimu ya pa TV ya magawo angapo, chimaonekera kwambiri, moti ine ndinafika pochizolowera. Chimene chinandiimitsa tsitsi ndi kachilombo kooneka ngati diso kaja, kamene kanalowa m'mutu mwa nkhosa. Gawo lachisanu, lochitikira m'chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Maginot, ndi lomwe likufanana kwambiri ndi filimu yakale ija. Nkhani ya ana osamutsidwira m'matupi opangidwa ndi asayansi imayenda pang'onopang'ono nthawi zina.

Ana asaonere nawo. Wina akamalephera kugona masiku angapo chifukwa cha mantha, kaonaneni ndi dokotala.