Funsani a Makaniko: Njinga ya pamadzi yolira pamene yafunira

Funso: A Makaniko, ndili ndi njinga yamoto ya pamadzi ya mtundu wa Sea-Doo imene ndinagula itagwirapo kale ntchito. Masiku ena imalira ndikangodina batani kamodzi, koma masiku ena ndimangomva kaphokoso koti "thi" pansi pa mpando, kenako zii. Ndikadikira pang'ono n'kuyesanso, imalira bwinobwino. Batire ndinasintha miyezi itatu yapitayo. Kodi ndigule sitata yatsopano?

Yankho: Musathamangire kugula sitata, chifukwa vuto lobwera n'kupita lotereli kawirikawiri limakhala pa njira imene magetsi amadutsa kuchoka ku batire, ndipo pa makina okhala m'chinyezi nthawi zonse njira imeneyi ndi imene imayamba kuonongeka.

Kaphokoso kamene mukumvako ndi ka solenoid, kachipangizo kamene kamalumikiza batire ndi sitata mukadina batani. Popeza kakulira, ndiye kuti batani lanu ndi lamoyo ndipo kiyi ya chingwe cha chitetezo, imene pa Sea-Doo imatchedwa DESS, yazindikirika. Mbali imeneyo mutha kuisiya.

Yambani ndi mitu ya batire. Batire yatsopano siithandiza kanthu ngati amene anaimanga anangokungako mabawuti pang'ono, ndipo njinga ikamawomba mafunde mabawuti otere amamasuka msanga. Masulani waya wa negetivu poyamba, palani mitu ndi sandipepa mpaka iwale, mangani ndi sipanala, kenako pakani girizi pamwamba. Mutsatirenso waya wa negetivuwo mpaka pamene wamangiriridwa pa injini, pakuti malo amenewa ambiri amawaiwala. Waya amatha kuoneka wabwino kunja, koma mukasenda chikopa chake pafupi ndi mutu mumapeza kopa atasanduka ufa wobiriwira, makamaka ngati njinga imayenda m'madzi amchere. Waya wotero sapalidwa, amangosinthidwa.

Chofunika kwambiri ndi kuyeza pa nthawi imene njinga yakana, pakuti ikamalira bwino mita yoyezera magetsi siikuuzani kanthu. Batire yodzaza imasonyeza mavolti pafupifupi 12.6 injini ili yozima. Ikani mita pa mitu ya batire, wina adine batani. Mavolti akagwa kupitirira pansi pa 10, batire ndi yofooka, ngakhale ikhale ya miyezi itatu. Mukadzailiza injini muonenso ngati akukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5, chifukwa akapanda kukwera ndiye kuti batire sikutchajidwa. Koma mavolti akangokhala pamene anali batani lili lodinidwa injini itakana kulira, magetsi sakufika ku sitata. Apa yezani mabawuti awiri akuluakulu a solenoid batani lili lodinidwa. Ngati lolowera lili ndi mavolti 12 pamene lotulukira lilibe, zitsulo zogundana m'kati mwa solenoid zapsa, ndipo n'chifukwa chake zimagwira ulendo wina n'kukana ulendo wina. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikukayikira kwambiri pamenepa, ndipo mtengo wake ndi wotsika kutali poyerekeza ndi sitata. Sitata muiganizire pokhapokha mavolti 12 akufika pa bawuti lake koma iyo osazungulira, chimene chimachitika mabulashi ake akatha.

Amakaniko ena amalumikiza mabawuti a solenoid ndi sikuludiraiva kuti aone ngati sitata izungulira. Njirayi imatulutsa moto wothetheka, ndipo m'mimba mwa njinga ya pamadzi mumatha kudzaza mpweya wa petulo. Chotsani mpando, mphepo ipite, ndipo mukamva fungo la petulo musayese n'komwe.

Pali chinthu china chimene chimanamiza anthu. Mavolti akagwa kwambiri ndipo injini ikungogwedezeka osazungulira, mwina kamwala kapena chingwe chakola mu pampu yokankha madzi, kapena madzi alowa m'masilinda njinga itagubuduzika. Musaumirize batani. Chotsani kiyi, suzumirani pansi polowera madzi ndi tochi, ndipo ngati palibe chakola, masulani mapulagi onse n'kuzunguza injini. Madzi akatuluka m'mabowomo, ngati injini yanu ndi yosunga oilo m'kati mwake, oiloyo nayenso ayenera kusinthidwa tsiku lomwelo dzimbiri lisanayambe.