Woodson kapena Manning: Heisman ya 1997 inali ya ndani?

Achimwene amene mwandilembera pa imelo, mukufunsa ngati Charles Woodson wa ku yunivesite ya Michigan anayeneradi kulandira Heisman ya 1997, mphoto ya wosewera wopambana pa mpira wa ku America (American football) m'makoleji, pomwe Peyton Manning anali kuwala ku yunivesite ya Tennessee. Mwati mukaonera masewera akalewo simuona chimene cornerback, wotchinga kumbuyo cham'mbali ngati Woodson, akuchita. Zimenezi zimandikhudza, chifukwa otchinga kumbuyo akhala akuchepetsedwa kuyambira kale, ndipo ambiri owachepetsa maso awo amangotsata mpira.

Cornerback amayamba kuthamanga chafutambuyo, atawerama, thupi litatsamira ku zala za kumapazi. Receiver, wowakha mpira amene akutchingidwayo, akudziwa kumene akupita, iye sakudziwa. Maso ake amakhala pa chiuno cha mnzakeyo, chifukwa mutu ndi mapewa zimanamiza. Akatembenuka msanga, receiver amadula n'kulowera mkati. Akachedwa ndi phazi limodzi, wasiyidwa, ndipo kumbuyo kwake nthawi zina kulibe wina. Akachita mantha n'kumugwira mpira uli m'mwamba, timu yake imalangidwa: ku koleji sipapitirira mayadi 15, koma ku NFL, ligi ya akatswiri, mpira umaikidwa pomwe walakwirapo. Ndipo akagwira ntchito bwino kwambiri, quarterback, woponya mpira, amangosiya kuponyera mbali yakeyo. Palibe amalemba nambala ya mipira imene sinaponyedwe.

Woodson, mwana wa ku Fremont, Ohio, anasewera ku Michigan kuyambira 1995 mpaka 1997 pansi pa Lloyd Carr, atavala nambala 2. Ngakhale ankamuthawa, mu 1997 analanda mipira 8, ndipo zaka zitatuzo pamodzi ndi 18. Mupeze kanema wa mpira umene analanda posewera ndi Michigan State. Quarterback ankautaya kunja, Woodson anadumpha n'kuugwira ndi dzanja limodzi, phazi limodzi n'kuponda mkati mwa mzere. Ku koleji phazi limodzi limakwana, ku NFL amafuna awiri.

Ndiye kunabwera masewera ndi Ohio State, pa 22 November 1997. Anawakha mpira wa mayadi 37 umene unatsegula njira ya touchdown (chigoli) yoyamba, anabweza punt (mpira umene adani amenya ndi phazi) mayadi 78 mpaka kukagoletsa, kenako analanda mpira mu end zone, malo ogoletsera kumapeto kwa bwalo. Michigan inapambana 20-14. Chotsani chimodzi mwa zitatuzi muone ngati timuyo ikanamaliza chaka osagonja. Manning anali quarterback wamkulu, palibe akutsutsa, koma chaka chomwecho anagonja kwa Florida, timu imene sanaigonjetseko ali ku Tennessee. Ovota anapatsa Woodson mapointi 1,815, Manning 1,543. Ine ndikuti anavota bwino, ndipo chondiwawa n'choti Woodson anafunika kuwakhanso mipira ndi kubweza ma punt kuti amuone. Kutchinga kwake kokha kunali kokwanira. Anali woyamba kupata Heisman ntchito yake yaikulu ili yotchinga, ndipo panadutsa zaka 27 kuti Travis Hunter wa ku Colorado, wosewera mbali zonse ziwiri, aitenge mu 2024.

Ku Rose Bowl, masewera otsekera nyengoyo, Woodson analandanso mpira wa quarterback Ryan Leaf mu end zone, Michigan n'kugonjetsa Washington State 21-16. Ukatswiri wa dziko Michigan inagawana ndi Nebraska, nkhani imene anthu a ku Michigan sanaimeze mpaka lero.

Zimene zinatsatira

Timu ya NFL ya Oakland Raiders inasankha Woodson wachinayi pa chisankho cha osewera ochokera ku koleji mu 1998. Ndi iye anagwetsa mpira m'manja mwa Tom Brady, mnzake wa ku Michigan, m'chipale chofewa mu January 2002, oimbira n'kusintha chigamulo chifukwa cha tuck rule, lamulo la nthawiyo limene linatenga kugwako ngati mpira woponyedwa wosawakhidwa. Ku Green Bay anasankhidwa wotchinga wopambana wa 2009, ndipo anapata Super Bowl XLV, fainolo ya NFL, ngakhale anathyoka fupa la paphewa masewera ali mkati. Liwiro litayamba kuchepa anasamukira pa safety, malo a wotchinga womaliza kumbuyo, kumene kuwerenga masewera kumaposa miyendo, n'kumaliza ndi mipira yolanda 65 ku NFL. Analowa mu Hall of Fame (gulu la osewera olemekezeka) ya koleji mu 2018, ya NFL mu 2021.

Pa funso lanu la kaoneredwe: kamera ya TV imatsata mpira, choncho sakani kanema wojambula osewera onse 22 kuchokera pamwamba. Musanaone kumene mpira wapita, onani mtunda umene cornerback waima, mbali imene watsekera, ndi kumene safety wathamangira. Mukaona safety akusiya mbali ya Woodson n'kukathandiza kwina, dziwani kuti Michigan inkasewera ngati ili ndi munthu wowonjezera.