Banki yooneka yolimba imagwa bwanji pa tsiku limodzi?

Mmodzi wa owerenga athu watumiza funso pa imelo: "Timamva kuti banki yagwa, chonsecho dzulo lake akatswiri amati ili bwinobwino. Kodi amatinamiza?"

Kawirikawiri sanama ayi. Vuto lili m'kapangidwe ka banki. Imalandira ndalama zomwe eni ake angazifune mawa, n'kuzibwereketsa kwa zaka 10 kapena 30. Zotsala m'nkhokwe n'zochepa, ndipo zonse zimayenda bwino malinga ngati osungitsa sabwera onse nthawi imodzi.

Taonani Silicon Valley Bank ya ku America. Inaika ndalama zambiri m'mabondi a nthawi yaitali (mapepala a ngongole opatsa phindu lokhazikika) chiwongoladzanja chili chotsika. Federal Reserve, banki yaikulu ya dziko la America, itachikweza mu 2022, mabondi akalewo anatsika mtengo, chifukwa ndani angagule pepala lopatsa phindu lochepa pomwe latsopano likupatsa lochuluka? Pa 8 Marichi 2023 bankiyo inalengeza kuti yagulitsa ena n'kuluza madola 1.8 biliyoni. Mawa lake anthu anafuna kutapa madola 42 biliyoni, ndipo pa 10 Marichi boma linaitseka. Ambiri anali ndi ndalama zopitirira madola 250,000 omwe inshulansi ya boma imateteza, choncho aliyense anali ndi chifukwa chomveka chothamangira. Musawatche amantha. Anawerengera bwino.

Chachiwiri ndi ngongole, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Muli ndi dola imodzi yanu, mwabwereka 29, mwagula katundu wa madola 30. Mtengo ukangotsika ndi 4 peresenti, yanu yonse yapita, mwatsala ndi ngongole yoposa katundu. Banki ya ku America ya Lehman Brothers, yomwe inagwa pa 15 Seputembala 2008, inkayenda pa mlingo wa pafupifupi 30 wotere. Zikafika apa wokukongozani amafuna chikole china. Mulibe, ndiye mugulitsa msangamsanga. Kugulitsako kumagwetsanso mtengo, ndipo anzanu onse osunga katundu wofananayo nawonso amafunsidwa chikole. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense payekha akuchita zanzeru, koma onse pamodzi akugwetsa msika.

Katswiri wa zachuma Hyman Minsky anaona chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri: nyengo yaitali ya bata ndi imene imabala mavutowa. Poyamba anthu amakongola zomwe angabweze ndi phindu lawo. Zaka zikadutsa popanda chovuta, amayamba kukongola zomwe angalipire chiwongoladzanja chokha. Pomaliza amangodalira kuti mtengo wa katundu ukwerabe.

Mukamawerenga lipoti la banki, musathamangire pa phindu. Funsani kuti ndalama zakezake, zosabwereka, ndi zingati poyerekeza ndi katundu yense, ngongole zake zoti ibweze m'miyezi itatu ndi zingati, komanso ngati osungitsa ake ali a mtundu umodzi. Ku Silicon Valley Bank ambiri anali makampani a zaukadaulo odziwana, ndipo uthenga woti tapani ndalama unawafikira onse pa foni m'maola ochepa.